Manja pa Nkhope ya Yadollah

Lachinayi limenelo ndinafika kuntchito nditakwiya kale. Basi inachedwa, chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, ndipo nsapato yanga yakumanzere inkalowa madzi. Mzinda wathu wa Kermanshah ukazizira suseka ndi munthu. Ndinatsika masitepe kupita kuchipinda chathu cha pansi, n'kutereka tiyi ndisanavule n'komwe jasi. Nthawi inali itangokwana eyiti koloko usiku.

Ndine Shahnaz. Ntchito yanga ndi yojambula mkati mwa mitu ya anthu pa makina a MRI, ndipo ndaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Makinawo ali ngati mphanga yopapatiza, yotseguka mbali zonse ziwiri. Munthu amagona pa kabedi, timamuvundikira nkhope ndi chikhola cha pulasitiki, kabediko n'kumulowetsa mkati. M'menemo muli maginito amene sazima usana ndi usiku. Chitsulo chilichonse amachikoka. Ndinaonapo ndi maso angawa sizasi ikusolomoka m'thumba la namwino n'kuuluka chipinda chonse kukamatirira pamakina, itangotsala pang'ono kumuboola diso wodwala. Kuyambira tsiku limenelo, pakhomo paja sipadutsa munthu ndisanamuseche. Kaya ndi dokotala, kaya ndi bwana wochokera kulikulu. Amati ndine wankhanza. Anene.

Chaka chimenecho tinali ndi kafukufuku. Dokotala Rostami, mayi wochepa thupi koma wamakani, ankajambula ubongo wa amuna amene anapuma mpweya wa poizoni pa nkhondo imene dziko lathu linamenyana ndi dziko loyandikana nalo. Nkhondoyo inatha zaka makumi atatu zapitazo, koma amunawa ankadwalabe matenda opanda dzina. Kuiwala, kunjenjemera manja, mutu wosaleka, kutopa kodzuka nako m'mawa. Akayezedwa magazi, bwinobwino. Madokotala ankangoti, "Ndi maganizo amenewo, kapumuleni." Dokotala Rostami ankati ayi, tiyeni tione m'mutumo.

Masana makina ndi a odwala, ndiye kafukufuku anangopatsidwa Lachinayi usiku. Ili linali Lachinayi lomaliza. Akuluakulu a chipatala anali atanena kale kuti sawonjezera ngakhale ola limodzi. Tinali titajambula amuna makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Wotsala anali mmodzi, a Yadollah.

A Yadollah tinali titawayesa kawiri. Kawiri konseko anatuluka m'makina akukuwa, mphindi zitatu zisanathe. Chikhola chija chikangotseka nkhope yawo, iwo sankakhalanso m'chipatala. Ankabwerera kuphiri, usiku umene mpweya unagwa, atavala masiki yotchinga mpweyawo. Ndiye makina akayamba phokoso lake, gu gu gu gu, ndani angamuuze munthu wotere kuti si mfuti? Chithunzi chimafuna munthu agone phee kwa mphindi makumi anayi. Akangosuntha mutu, zonse zawonongeka.

A Yadollah anafika cha m'ma naini ndi akazi awo, mayi Tuba. Iwo anali aatali, owonda, ndevu zoyera zosamalidwa bwino. Mayi Tuba anali aafupi, ndipo pakamwa pawo pankafika iwo eni asanafike.

"Ndabweretsa katundu wanu uja," anatero akusasa chipale pa mpango wawo. "Lero mukamulowetsa musamutulutsenso. Ndipumeko ine."

"Mukumva, mlongo wanga?" anatero a Yadollah, maso ali pansi, dzanja lili pamtima. "Nkhondo ndinapulumuka. Koma kwa awa, ayi."

Ndinawapatsa chovala cha odwala, iwo n'kulowa m'kachipinda kosinthira. Mayi Tuba anakhala pampando n'kulandira tiyi. Anaika kachibulumwa ka shuga pakati pa mano, koma sanamwe. Nthabwala zija zinali zitawathera.

"Ndikuuze zoona, mwana wanga," ananong'ona. "Ine sindidziwa ngati bambo amenewa akudwaladi."

Ndinakhala pampando pafupi nawo.

"Ankayendetsa basi. Tsiku lina anaimitsa pakati pa msewu, anthu ali thothotho, akuti aiwala kumene akupita. Mumsewu umene anayenda zaka khumi. Ntchito inathera pomwepo. Madokotala asanu ndi awiri anati alibe kanthu. Abale anga anati ndi ulesi. Ine ndasoka zovala za anthu mpaka maso kuchita mdima kuti ana adye. Masiku ena ndikawaona ali gone masana, mtima umati, munthuyu akundinamiza. Ndimapita kukapepesa kwa Mulungu. Mawa lake ndimaganizanso zomwezo." Anapukuta mphuno ndi ngodya ya mpango. "Ndikungofuna ndidziwe ndisanafe, basi."

Nditatembenuka, a Yadollah anali ataima pakhomo la kachipinda kaja, opanda nsapato. Anali atamva zonse. Sanakwiye. Anangoyang'ana zala za kumapazi kwawo, ndipo ine ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere.

"Lero ndigona, mlongo wanga," anatero. "Awa aone."

Ulendo uno tinali ndi nzeru ina. Dokotala Rostami anali atakonza kuti Keyvan, namwino wamwamuna, adzaime kuseri kwa makina, kumene mutu umatulukira, azikawagwira a Yadollah n'kumawalankhula. Munthu akamva dzanja la mnzake amadziwa kuti sali yekha. Dokotalayo anali kutali, kulikulu la dziko ku Tehran, sabata imeneyo, ndiye zonse anasiyira ine.

Hafu pasiti naini foni inalira. Keyvan. Akuti msewu wochokera kumudzi kwawo watsekeka ndi chipale. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinaimbira mlonda wa pageti. Iye ali ndi chitsulo m'ntchafu, cha nkhondo yomweyo. Ndinaimba kuwodi ya amuna. Namwino anali yekha ndi odwala makumi atatu. Mayi Tuba sakanalowa chifukwa ali ndi kabatire kothandiza mtima, ndipo maginito akanakaimitsa. Ine malo anga ndi pakompyuta, kunja kwa zenera lagalasi.

Pamenepo n'kuti mayi Zivar akukolopa mukolido. Amenewa ndi amene amakolopanso m'chipinda cha makina, ndiye ndimawadziwa kuti alibe chitsulo ngakhale m'mano. Anatsamiritsa mopu kukhoma.

"Ndiwagwire ine," anatero. "Manjawa alera ana asanu ndi mmodzi. Mutu umodzi ungandikanike?"

A Yadollah anabwerera m'mbuyo pang'ono, dzanja pamtima.

"Mulungu akudalitseni, mayi. Koma mundikhululukire. Si inu mlongo wanga wobadwa naye, si inu mayi anga."

"Avala magolovesi," ndinatero.

"Mundikhululukire."

Mayi Tuba anadzuka pampando. "Bambo inu, mwatani kodi? Ndine mkazi wanu, ndavomera. Mayiwa ali ndi zidzukulu. Mukuganiza kuti akufuna chiyani pa nkhope yanu yofotayo?"

"Chilolezo chake sichichokera kwa inu, Tuba."

Amuna a mbadwo umenewo ndimawadziwa. Anapita kunkhondo ali anyamata, Mulungu ali pakamwa, ndipo mpaka lero sapereka moni wa padzanja kwa mkazi amene si m'bale wawo. Ungakangane nawo mpaka kucha. Ndinakwiya, sindibisa. Munthu wadikira zaka makumi atatu, ndiye ataye zonse chifukwa cha dzanja la nkhalamba?

"Ndilowa ndekha," anatero a Yadollah.

Mayi Tuba anati sangathe kumva kukuwa kuja kachitatu. Mayi Zivar anawatenga n'kukwera nawo kuchipinda chopempherera. Ndinakhoma chitseko cha kukolido monga mwa lamulo. Tinatsala awiri.

Anagona pa kabedi okha. Ndinawauza ndi pakamwa mmene aikire mutu. Ndinawapatsa kampira kofinya akafuna kuitana, ndipo pachala ndinawauza adziike kachipangizo koonetsa kugunda kwa mtima. Ndinatseka chikhola mosamala, osawakhudza ngakhale tsitsi. Maso awo anali atayamba kale kuyendayenda. Ndinalowetsa kabedi, n'kutuluka, n'kutseka chitseko cholemera chija. Chitseko chimenecho chikamatsekeka kapena kutseguka chimalira, tsiii, moti umamva ngakhale uli kuchimbudzi.

Ndinayambitsa makina.

Mphindi yoyamba anapirira. Yachiwiri, zala za kumapazi zinapindika. Mtima unakwera, handiredi teni, handiredi twente. Chithunzi pakompyuta chinayamba kupakika ngati inki yogwera madzi. Pa sipika ndinkamva akutchula dzina la Mulungu mothamanga, mpweya ukubanika. Ndinaimitsa kaye makina.

"Bambo Yadollah, ndili pano. Pumani."

Pamenepo m'pamene ndinamva kugogoda.

Go. Go. Go. Pang'onopang'ono, pachitseko cha kukolido.

Ndinaganiza kuti ndi Keyvan, mwina wapeza njira. Ndinathamanga kukatsegula.

Sanali Keyvan. Anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, wa mapewa otambalala, ndevu zotuwa. Anavala khaki wakale wofwifwa. Pachifuwa panali sizasi yaikulu yolendewera pa chingwe cha m'khosi. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene waphika ndi nkhuni zaziwisi. Ankamveka fungo la madzi a maluwa, ndipo pansi pa fungolo panali lina, ngati adyo.

"Pepani ndi ntchito, mlongo wanga," anatero. Mawu ake anali osasa. "Ndamva kuti Yadollah alibe womugwira."

"Mwachokera kuwodi?"

"Ndine wonyamula machira."

Onyamula odwala pachipatala chathu ndi ambiri, ndipo a usiku sindiwadziwa onse. Ndinati mwina namwino uja wandimvera chisoni. Ndinamuuza alowe, n'kukhomanso. Akudutsa ndinaona nsapato zake. Majombo achisilikali, odzaza fumbi louma. Kunja konse kunali matope ndi chipale. Ndinaziona, koma mutu wanga unali kwa wodwala.

"Vulani sizasiyo, lamba, majombo, zonse. Muli ndi chitsulo m'thupi?"

Anamwetulira pang'ono, maso ali pansi. "Chilimo chambiri. Koma sichivutanso."

"Ndiye simulowa, bambo. Pepani. Khalani apo."

Belu linalira. A Yadollah anali akufinya kampira kaja, kufinya, kufinya, osaleka. Ndinamusiya bamboyo ataima pomwepo n'kuthamangira pakompyuta. Ndinangoponda kanayi kokha. Ndinagwira maikolofoni, n'kukweza maso kuyang'ana pazenera.

Bambo uja anali mkati.

Chitseko chinali chotseka. Kanyali kake patebulo panga kanali kobiriwira. Chitsekocho sichinalire.

Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa makina, phewa lake litatsala pang'ono kukhudza khoma la maginito.  Maso anga anali pa sizasi. Sizasi ya chitsulo, yaikulu ngati dzanja langa. Inkangolendewera pachifuwa pake, chingwe chili chowongoka, kuloza pansi.

Thupi lonse linachita tsembwe. 

Bambo uja anazungulira kuseri kwa makina. Pazenera ndinkaona theka la msana wake. Anawerama, n'kulowetsa mikono yonse iwiri m'mphangamo.

Belu linasiya.

Kuseri kumeneko kuli kamera yoyang'ana mutu wa wodwala. Ndinatembenukira pa sikirini yake. Panali tsitsi loyera la a Yadollah, chikhola, ndi khoma. Basi. Ndinayang'ana pazenera. Msana wa khaki. Ndinayang'ananso pa sikirini. Khoma.

Pa sipika panamveka mawu osasa aja, otsika kwambiri.

"Puma pang'onopang'ono, mwana iwe. Ndagwira. Mpweya woipawo sukulowa."

Zala za kumapazi zinawongoka. Mtima unayamba kutsika. Handiredi teni. Nainte. Eyite.

Lamulo ndimalidziwa, ndipo ndine amene ndimaphunzitsa ena. Munthu wosasechedwa akalowa, umatulutsa wodwala nthawi yomweyo, n'kuitana alonda. Dzanja langa linali kale pa batani lotulutsira kabedi. Ndikanalidina, nkhani ikanathera pomwepo. A Yadollah akanavala jasi lawo n'kubwerera kunyumba monga anabwerera kawiri kaja, ndipo mayi Tuba akanapitiriza kuwayang'ana ndi diso lomwe lija mpaka mmodzi wa iwo atalowa m'manda.

Mtima unafika sevente-thuu n'kukhazikika.

Ndinachotsa dzanja pa batani lija. Ndinayambitsa makina.

Gu gu gu gu. Ndinadikira kukuwa. Sikunabwere. Zithunzi zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, zoyera, mizere yake yakuthwa. Zaka zonsezi sindinajambulepo mutu wokhazikika chotero. Ngakhale ogonetsedwa ndi mankhwala amasuntha pang'ono. Ndinayang'ana m'mphepete mwa zithunzizo, pamene mikono ya munthu ikanaonekera. Panali mdima wokhawokha.

Mphindi khumi zitatha, bambo uja anayamba kutsokomola.

Poyamba kanali kachifuwa kouma, kamodzikamodzi. Pofika mphindi makumi awiri chinali chifuwa chochokera pansi, chong'amba. Ndinkachimva pa sipika pakati pa phokoso la makina. Msana wa khaki unkagwedezeka. Mikono yokha sinkasuntha.

Fungo la adyo linafika mpaka pamene ndinakhala. Maso anayamba kundiyabwa.

Mphindi makumi atatu. Anagwada bondo limodzi. Kenako lachiwiri. Tsopano pazenera ndinkangoona phewa ndi chigongono. Pakati pa kutsokomola ankanenabe zomwe zija. Ndagwira. Ndagwira. Puma.

Ndinapezeka ndikulira, osadziwa kuti ndayamba liti. Mantha anali akadalipo, koma tsopano ndinkaopa china. Ndinkaopa kuti agwa nthawi isanakwane. Ndinatsegula maikolofoni.

"Zatsala mphindi zisanu," ndinatero. Sindikudziwa kuti ndinkauza ndani.

Zinayi. Zitatu. Chifuwa chija chinasanduka kaphokoso kochepa, ngati munthu akukoka mpweya pa kabowo. Imodzi.

Makina anasiya. M'chipinda munati zii.

Ndinatsitsa maso kuti ndisunge zithunzi, chifukwa dzanja lozolowera silidikira mutu. Nditakweza maso, kuseri kwa makina kunalibe munthu.

Ndinatsegula chitseko. Chinalira, tsiii, monga mwa masiku onse. Ndinazungulira makina onse, ndikugwira khoma. Pansi panali poyera mmene mayi Zivar anakolopera. Ndinatulutsa kabedi n'kutsegula chikhola.

A Yadollah anali atatsinzina, nkhope ili yofewa ngati ya munthu amene wagona bwino. M'masaya onse awiri, kutsika mpaka m'ndevu, munali zidindo zofiira. Zala zinayi uku, zinayi uku. Zinali pansi pa chikhola, pamene ngakhale chala cha mwana sichingalowe.

Anatsegula maso.

"Mlongo wanga," anatero, "malume Barat munawapeza kuti?"

Anatuluka m'chipinda cha makina, ndipo ndinawabweretsera madzi.  Nthawi yomweyo azimayi aja anagogoda, ndipo ndinawatsegulira. Mayi Tuba anaona amuna awo atakhala pampando, ali phee, n'kuyang'ana ine.

"Zatheka," ndinatero. "Mphindi zonse makumi anayi."

"Ndiye mukulira chiyani?"

A Yadollah ndi amene anayankha, ndipo sanayang'ane aliyense.

"Tinali anyamata. A Barat anali aakulu, ophika buledi ku tauni ya Sonqor. Anabwera kunkhondo kudzanyamula ovulala. Tonse tinkawatcha malume. Ankayenda ndi botolo la madzi a maluwa n'kumatiwaza, akuti tikununkha ngati mbuzi." Anamwa madzi pang'ono. "Anatiuza akuluakulu kuti timete ndevu, masiki sigwira pa ndevu. Ife tinakana. Tinati ndevu ndi za chipembedzo, Mulungu atiteteza. Zanga zinali zitangomera kumene, ndinkanyada nazo. Usiku umene mpweya unagwa, ndinavala masiki, koma unkalowa m'mbali. Ndinayamba kuivula ndi mantha. Malume Barat anandigwetsa pansi, n'kugwada kumutu kwanga, n'kuikanikiza pankhope yanga ndi manja onse awiri."

"Nanga yawo?" anafunsa mayi Zivar.

"Nawonso anali ndi ndevu. Ndipo manja anali awiri okha."

A Yadollah anaika pansi kapu ya madzi ija.

"Anandigwira mpaka mphepo inasintha. Anamwalira tsiku lachitatu, pa machira awo omwe."

Mayi Tuba anali atagwira pakamwa. "Zaka zonsezi," anatero. "Simunandiuzepo."

"Ndikanayambira pati? Kuti munthu anafa chifukwa cha ndevu zanga?"

Anavala, n'kupita. Ine ndinakwera kukafunsa mlonda. Anati kuyambira naini koloko pageti sipanalowe munthu, ndipo anandionetsa chipale cha pabwalo. Panali mapazi a anthu awiri okha, otuluka. Kuwodi anati sanatume aliyense.

Dokotala Rostami ndinawauza zonse Loweruka atabwerako, chifukwa ine kunama sinditha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana zithunzi nthawi yaitali kuposa pamenepo. Anati ndinali nditatopa, ndipo munthu wotopa amaona zambiri. Anati zidindo zija mwina ndi za timapilo ta m'chikhola. Ndinawafunsa ngati timapilo tili ndi zala. Anati ndipite kutchuthi masiku atatu.

Mayi Zivar sanadabwe n'komwe. "Mwana iwe, waiwala kuti linali Lachinayi usiku?" anandinong'oneza tili pa sinki. "Akufa amamasulidwa kuti akaone awo. Ena amapita kwa ana awo. Uyu ntchito yake inali isanathe." Pofika sabata yotsatira nkhani inali itafika kukhitchini ndi kochapira. Ena ankati anali mzimu wa malume ajadi. Ena ankati ndi mngelo amene anangobwereka nkhope. Mlonda anati Shahnaz wapenga, koma ndi iye yemwe amene anayamba kusiya mbale ya zipatso za kanjedza pa masitepe athu Lachinayi lililonse, kuti odutsa azidya n'kupempherera akufa. Ine sindikangana ndi aliyense. Ndimangodziwa zimene maginito amachita ndi sizasi.

Patapita miyezi iwiri, chipale chitasungunuka, Dokotala Rostami anaitana mabanja mmodzimmodzi. Tsiku la a Yadollah ndinapempha kuti ndikhalepo. Linali Lachiwiri m'mawa, dzuwa likulowa pazenera la ofesi.

Dokotala anaika zithunzi ziwiri pakompyuta. China cha munthu wa msinkhu womwewo amene sanapume mpweya uja. China cha a Yadollah.

"Chithunzi chimodzi sichigamula mlandu," anatero. "Ndipo mankhwala ochiza sindikukulonjezani lero. Koma taonani. Mu ubongo muli tinjira timene timanyamula uthenga kuchoka mbali ina kupita ina. Kwa bambo awa, tinjirati ndi todzaza. Kwa a Yadollah, apa ndi apa, taperepeseka. Ndipo anzawo ambiri mwa makumi anayi aja taperepeseka pamalo omwewa. Tsopano tikudziwa pofunafuna. Pali zothandiza kukumbukira ndi kuchepetsa mutu zimene tiyambe sabata yamawa."

Mayi Tuba anasendeza mpando. Anavala magalasi awo osokera.

"Ndiye si maganizo?"

"Ayi, mayi."

"Si ulesi?"

"Munthu amene ubongo wake uli chonchi, kungodzuka m'mawa n'kuvala ndi ntchito. Ine ndikudabwa kuti basi anaiyendetsa zaka khumi."

A Yadollah ankangoyang'ana manja awo pamiyendo, akunjenjemera monga mwa nthawi zonse.  

"Ndilozereni bwinobwino," anatero mayi Tuba. "Pamutu penipeni, ndi pati?"

Dokotala anadzigwira pamwamba pa khutu lakumanzere, chakumbuyo pang'ono.

Mayi Tuba anaimirira. Anthu a mbadwo wawo sagwirana pamaso pa alendo, ngakhale akhale m'banja zaka makumi asanu. Koma anazungulira mpando, n'kuvula chipewa cha amuna awo, n'kuyamba kupatula tsitsi loyera lija ndi zala, ngati akufuna nsabwe pamutu pa mwana. Atafika pamalopo anaikapo chikhatho chonse.

"Ndiye panali apa," anatero. "Nthawi yonseyi."

"Pomwepo," anatero a Yadollah.

"Pakupweteka panopa?"

"Tsiku lililonse, Tuba."

Mayi Tuba anagwedeza mutu kangapo. Dokotala anayamba kufotokoza za sabata yamawa, za masiku ndi maola, ndipo iwo anamvetsera zonse ataima pomwepo, dzanja osalichotsa.